Chinyumba chosatha pakati pa tauni: khonsolo ichotsere msonkho wofuna kuchimaliza?

Funso: Ndimakhala mumzinda wina ku America. Ndimagwira ntchito yosamalira odwala, ndipo ndinagula kanyumba komwe ndimalipirira msonkho chaka ndi chaka. Pakati pa tauni yathu pali chinyumba chosanja chomwe anachisiya chisanathe, papita zaka. Tsopano kwabwera kampani ina ikuti ichimaliza, koma pokhapokha khonsolo itaichotsera msonkho kwa zaka zingapo. Ine ndikuona ngati akufuna kutidyera masuku pamutu, komabe chinyumbacho chikutichititsa manyazi. Khonsolo ivomere kapena ikane?

Yankho: Mayi, khonsolo ikhoza kuthandiza, koma isathamangire. Isanakhululuke ngakhale dola imodzi, iyambe yadziwa kuti thandizolo likathera m'thumba mwa ndani. Pa nyumba zosatha, ndalama zomwe amati n'zomalizira ntchito nthawi zambiri zimakafika kwa munthu amene anailephera uja, kapena ku banki yomwe inamubwereketsa.

Tiyeni tiwerengere ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti nyumba yanuyo itatha, alendi n'kulowamo, ingagulitsidwe madola 100 miliyoni. Kuimaliza kukufunika 70 miliyoni. Kampani yomalizayo singalowe m'matope otere popanda phindu, tiipatse 15 miliyoni. Zatsala 15 miliyoni, ndipo umenewo ndiwo mtengo weniweni wa chigoba chomwe mumachiona mukamadutsa, pamodzi ndi malo ake. Msika sufunsa kuti mwini wake anathiramo zingati. Mwina anathiramo 60 miliyoni, zambiri za ngongole, ndiye amaumirira kuti pansi pa 35 sagulitsa. Wogula ali pa 15, wogulitsa ali pa 35, nyumba ili phee, zaka zikupita. Kenako khonsolo yalengeza kuti ili ndi 20 miliyoni yothandizira aliyense wofuna kumaliza. Wogula uja tsopano atha kufika pa 35, mwini wakale avomera, ntchito iyambiranso, meya adzadula riboni atolankhani akujambula. Koma 20 miliyoni ya anthu a mumzinda sinagule thumba la simenti ngakhale limodzi. Yangopepukitsa katundu wa munthu amene anabetcha n'kuluza.

N'chifukwa chake ndikamva za nyumba yosatha ndimayamba ndafunsa ngati mwini woyamba ndi banki yake anavomera kale kuluza. Nyumba zambiri zotere zimadzuka ngongole yakale ikafafanizidwa, kaya banki yalanda n'kugulitsa motchipa, kaya khoti loona za makampani ogwa lagamula. Ku Las Vegas hotela ya Fontainebleau inaima mu 2009 mbali yaikulu itamangidwa kale, madola pafupifupi mabiliyoni awiri atalowamo. Mu 2010 wabizinesi wolemera Carl Icahn anaigula pa madola pafupifupi 150 miliyoni. Iye sanaimalize n'komwe. Anagulitsa mipando ndi makama zomwe zinali zitagulidwa kale, anakhala pansi kudikira, ndipo mu 2017 anaigulitsa pa 600 miliyoni. Hotelayo inadzatsegulidwa mu Disembala 2023. Mukuona kuti kutsika kwa mtengo pakokha sikukwanira: munthu amene wagula motchipa kwambiri sataya kanthu akamadikira, ndipo ngati palibe womufinya atha kudikira mpaka kalekale.

Ku Chicago zinayenda bwinoko. Pa 111 West Wacker Drive, m'mbali mwa mtsinje, panayambika nsanja yotchedwa Waterview Tower, yomwe inayenera kufika nsanjika pafupifupi 90 ndi hotela ya Shangri-La mkati mwake. Mu 2008 ndalama zinauma itafika nsanjika makumi awiri ndi mphambu zingapo, ndipo chigoba cha konkire chinakhala pamenepo pakati pa mzinda. Makontrakitala omwe sanalipidwe ndiwo anatsala ndi mawu pa malowo, kenako anagwirizana ndi kampani ya Related Midwest. Kampaniyi inataya maloto a hotela yapamwamba ija, inafupikitsa nyumbayo kufika pa nsanjika 60, n'kuisandutsa mafulati a lendi 504. Inatsegulidwa mu 2014 ndi dzina loti OneEleven, ndipo pasanapite nthawi inagulitsidwa pa madola oposa 300 miliyoni. Zomwe zinasintha pamenepo ndi mwini, mtengo wa chigoba, ndi ntchito ya nyumbayo. Anthu anali ataleka kugula mafulati a mamiliyoni koma ofuna lendi pakati pa tauni anali mbwee.

Koma nkhani yomwe ndikufuna muidziwe bwino ndi ya ku Boston, chifukwa mmenemo muli zonse: mwini wodikira dala, meya wokwiya, chikwapu, ndiponso kuchotsera msonkho.

Pa Downtown Crossing, pomwe pamakumana Washington Street ndi Summer Street, panali sitolo yaikulu ya Filene's, m'nyumba yomwe mapulani ake anajambula katswiri Daniel Burnham ndipo inatha mu 1912. Sitoloyo inatsekedwa mu 2006. Makampani a Vornado Realty Trust ndi Gale International anatenga malowo ndi mapulani a nsanja yatsopano ya maofesi, hotela ndi mafulati. Anasamutsa Filene's Basement, sitolo ya zotchipa yapansi panthaka yomwe anthu a ku Boston ankaikonda, anagwetsa mbali zina za nyumbazo, anakumba pansi. Chakumapeto kwa 2008 mabanki a dziko lonse anatseka mipopi ya ngongole, ndipo ntchito inaima. Chomwe chinatsala ndi chidzenje chachikulu pakati penipeni pa malo ogulitsirapo malonda, pambali pake pali nyumba yakale ija itang'ambika khoma limodzi, zipinda zake zikuonekera pamsewu. Amasitolo oyandikana nawo ndiwo analira kwambiri, chifukwa ogula sakonda kuyenda m'mbali mwa mpanda wa matabwa dzuwa litalowa.

Mu 2010 mkulu wa Vornado, Steven Roth, polankhula pa yunivesite ya Columbia ku New York, anafotokoza za malo ena a kampani yake, pomwe panali sitolo ya Alexander's ku Manhattan. Malinga ndi momwe nyuzipepala zinalembera, iye anati anawasiya dala malowo kwa zaka, podziwa kuti akamaipiraipira boma lidzafunitsitsa kuti amangidwe, ndipo thandizo lomwe lidzapereke lidzakula. Anthu a ku Boston atawerenga zimenezi anayang'ana dzenje lawo lija n'kuona kuti mwina nawonso akuseweredwa masewera omwewo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mwini malo amadziwa kuti amene m'mimba mumayamba kumupweteka ndi meya, yemwe ali ndi zisankho kutsogolo kwake. Meya Thomas Menino sanatsegule chitsekocho. Analembera Roth kalata yaukali, anaopseza kuti mzinda ulanda malowo mwa lamulo, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho bungwe la mzindawo loona za chitukuko, Boston Redevelopment Authority, linachotsa chilolezo cha ntchitoyo. Malo opanda chilolezo amatsika mtengo, ndipo wodikira uja anayamba kuona kuti kudikira kukumudyera iye mwini.

Mu 2012 kampani ya Millennium Partners inatenga ntchitoyo. Inasintha mapulani, n'kuika mtima pa mafulati ogulitsa kwa anthu olemera. Ntchito inayamba mu 2013, ndipo Millennium Tower, ya nsanjika 60 ndi mafulati 442, inatha mu 2016. Nyumba yakale ya Burnham inakonzedwa, munalowa maofesi, supamaketi ya Roche Bros. ndi sitolo yoyamba ya Primark m'dziko la America, zonse ziwiri mu 2015. Ndipo inde, mzinda unathandiza: unachotsa msonkho wa madola 7.8 miliyoni, womwazikana pa zaka 13, pa mbali ya maofesi ndi masitolo, osati pa mafulati.

Kodi 7.8 miliyoni imeneyo inali yofunikadi? Ine ndimakayika. Fulati ya pamwamba penipeni pa nsanjayo yokha inagulitsidwa madola oposa 30 miliyoni, ndipo kampani yogulitsa zinthu pa mitengo yotere n'zovuta kuikhulupirira ikamati popanda thandizo sikanamanga. Panali anthu ku Boston omwe anadandaula chimodzimodzi panthawiyo. Komabe taonani kaperekedwe kake. Thandizolo linabwera chikwapu chitagwira kale ntchito. Linapita kwa womanga watsopano. Linali pafupifupi gawo limodzi pa 100 alionse a ntchito yoposa madola 600 miliyoni. Linalunjika pa mbali yomwe mzinda unkaifuna kwambiri koma phindu lake linali lokayikitsa, ndiyo masitolo a pansi omwe amabweretsa anthu pamsewu. Ngati mzinda unalakwitsa, unalakwitsa pang'ono. Ukanapereka mu 2009, pomwe dzenje linkapweteka kwambiri, bwenzi utapereka zambiri, kwa anthu omwewo amene anakumba dzenjelo.

Musanaganize kuti kampani iliyonse yopempha thandizo ndi ya akathyali, ndikuuzeni kuti kumaliza nyumba yomwe yakhala pamtetete n'kodula kuposa momwe anthu amaganizira. Kwathu munthu amasiya nyumba ya njerwa itafika pamazenera, n'kupita kukasaka ndalama zaka zisanu, pobwera amangolambula udzu n'kuitana mmisiri. Nsanja ya konkire sikhululuka choncho. Mukaiyandikira, yang'anani pamwamba pa zipilala pomwe zitsulo zinasiyidwa zitatulukira kudikira nsanjika yotsatira. Mudzaona mizere yofiirira yotsetsereka pakonkire. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma, ndipo chikafufuma mkati mwa konkire chimaing'amba, zibenthu n'kumagwa. Kumadera ozizira madzi amalowa m'ming'aluyo, akaundana amakula n'kuikulitsa, chaka ndi chaka. Pansi, m'zipinda zoimikamo magalimoto, magetsi akadulidwa mapampu amaima ndipo madzi amakwera mpaka kumiza zipilala. Mawaya a kopa ndi mapaipi amapita ndi akuba. Mainjiniya akabwera amaboola konkire n'kutulutsa tizidutswa tobulungira, kukatiswa ku labotale kuti aone mphamvu yomwe yatsala, ndipo injiniya watsopano sangasaine pa ntchito ya mnzake popanda kufufuza zonse, chifukwa nyumbayo ikadzagwa mlandu ndi wake.

Pamwamba pa izo, malamulo omangira amasintha. Chilolezo chakale chikatha, nyumbayo iyenera kutsata malamulo a lero a moto, a zivomezi ndi a kasungidwe ka magetsi. Zipilala zomwe anaziika motalikirana moyenerera zipinda za hotela sizigwirizana ndi mafulati a mabanja, ndiye pamafunika nsanjika yapadera ya konkire yochindikala yosamutsira kulemera kwa nyumba. Palinso makontrakitala akale omwe sanalipidwe: malamulo a ku America amawalola kulembetsa ngongole yawo pa chikalata cha umwini wa malo, ndipo banki yatsopano sibwereketsa mpaka onsewo atakhazikitsidwa pansi. Nthawi zina yankho limakhala kugwetsa basi. Hotela ya Harmon, ku Las Vegas komweko, inapezeka ndi zitsulo zoikidwa molakwika mu 2008, inaimitsidwa itafika pafupifupi theka la utali wake, sinalandirepo mlendo ndi mmodzi yemwe, ndipo inaphwasulidwa nsanjika imodziimodzi kuyambira 2014 mpaka 2015. Choncho ngati khonsolo yanu ikukambirana za thandizo koma palibe lipoti la injiniya woima payekha, ikukambirana za nyumba yomwe siikuidziwa.

Ndalama zoonjezera ngati zimenezi ndizo zingapangitse kuti, ngakhale chigoba chitaperekedwa pafupifupi ulere, masamu akanebe. M'mizinda ing'onoing'ono zimachitika kawirikawiri, chifukwa simenti, zitsulo ndi amisiri zimadula pafupifupi mofanana ndi ku Boston koma lendi ndi yotsika kwambiri. Pamenepo thandizo la khonsolo lili ndi malo ake. Kuperewera kotereku n'kwenikweni, ndipo palibe banki yakale yoti iluze kuti kutsekeke.

Kumsonkhano wa khonsolo mudzamva mawu angapo, ndipo ndi bwino mudziwe kusiyana kwake chifukwa kuopsa kwake sikufanana. Tax abatement ndi kuchotsera msonkho wa nyumba ndi malo kwa zaka zoikika, nthawi zambiri pa mtengo woonjezereka nyumba ikatha, pomwe msonkho wa malo momwe alili lero umapitirira. Ubwino wake ndi woti nyumba ikapanda kutha, palibe chomwe chachoka m'thumba la mzinda. TIF (tax increment financing) ndi njira ina, yomwe inayambira ku California mu 1952. Khonsolo imalemba mzere kuzungulira dera, n'kunena kuti msonkho womwe ukutoleredwa lero uzipita komwe umapita, koma wonse woonjezereka chifukwa cha chitukuko uzilowa m'thumba lapadera lolipirira ntchitoyo. Ku Chicago dera lotere limakhala zaka 23. TIF ili pawiri, ndipo apa tcherani khutu. Pena mzinda umabwereka ndalama lero n'kupatsa womanga, poyembekezera kuti msonkho wa mawa udzabweza ngongoleyo. Nyumba ikaimanso, kapena ikatha koma mtengo wake n'kuchepa, mzinda umatsala ndi ngongole m'manja. Pena womanga amayamba wagwiritsa ntchito ndalama zake, n'kumabwezeredwa pang'onopang'ono kuchokera ku msonkho womwe nyumba yakeyo yalipiradi. Njira yachiwiriyi ndiyo ndingaivomereze pa nyumba yomwe inaimapo kale kamodzi. Choopsa kuposa zonse ndi ndalama zoperekeratu ntchito isanayambe, kapena mzinda kuimira kampani ngati chikole ku banki. Zimenezo ndingakane ngakhale meya atalira misozi.

Mudzamvanso wina akunena kuti mzinda sukutaya kanthu, chifukwa msonkho womwe ukukhululukawo kunalibe n'kale. Mawuwa ndi oona pokhapokha ngati nyumbayo sikanamalizidwa popanda thandizo. Ngati ikanamalizidwa chaka chamawa kapena mkuja ndi kampani ina, ndiye kuti mzinda wataya msonkho wa zaka zonse zotsalazo. Katswiri wa zachuma Timothy Bartik, wa ku Upjohn Institute ku Michigan, anasanthula kafukufuku wambiri mu 2018 ndipo anapeza kuti thandizo lotere limasintha maganizo a kampani pa nkhani ziwiri mpaka 25 pa 100 zilizonse. Kwinako kampani ikanachitabe zomwe inachitazo. Iye ankanena za makampani osankha malo ochitirako bizinesi, osati nyumba zosatha, ndipo ndikuvomereza kuti chigoba chowola chili ndi mavuto akeake. Komabe manambalawo akutiuza poyambira: wopemphayo ndiye aonetse umboni. Kumbukiraninso kuti ku America gawo lalikulu la msonkho wa nyumba limapita ku masukulu. Khonsolo ikamakhululuka, nthawi zambiri imakhululuka ndi ndalama za ana asukulu zomwe, pomwe komiti ya masukulu mwina sinafunsidwe. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe boma la California, pansi pa bwanamkubwa Jerry Brown, linathetsera mabungwe ake a chitukuko cha m'mizinda, omwe ankadalira TIF, mu 2012, dera lomwe TIF inabadwira.

Ponena za msonkho wa kanyumba kanu, sudzakwera mwachindunji tsiku lomwe mgwirizano wasainidwa. Umakwera mozemba. Anthu mazana akalowa m'nyumbayo amafuna apolisi, ozimitsa moto, misewu ndi malo kusukulu, ndipo ngati nyumba yawo sikulipira mokwanira kwa zaka khumi kapena makumi awiri, otsalanu ndinu mumagawana mtolowo.

Tsono kukana n'kungokhala nakonso kuli ndi mtengo wake, ndipo otsutsa thandizo amakonda kuiwala zimenezi. Ku Los Angeles, moyang'anizana ndi bwalo la Crypto.com Arena, kuli nsanja zitatu za Oceanwide Plaza. Kampani ya ku China ya Oceanwide Holdings inayamba kuzimanga mu 2015, ndipo ntchito inaima kumayambiriro kwa 2019 madola oposa biliyoni imodzi atalowamo. Kumayambiriro kwa 2024 anyamata ojambula pamakoma analowa n'kulemba mayina awo pa nsanjika zoposa makumi awiri, ena n'kumadumpha pamwamba ndi maparachuti, zithunzi zake zikuzungulira dziko lonse. Apolisi anathera maola ambirimbiri akulondera malo a kampani yomwe si ya boma, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho khonsolo inavomereza madola pafupifupi 3.8 miliyoni a mpanda ndi chitetezo, poyembekezera kudzawatolera kwa eni ake. Apa mzinda unalipira popanda kupeza fulati ngakhale imodzi. Choncho powerengera, ikani mbali imodzi msonkho womwe mukhululuke, mbali inayo muike zomwe chigobacho chikukudyerani chaka chilichonse: ulonda, masitolo oyandikana omwe akutseka, ndi nyumba zozungulira zomwe mtengo wake, ndiye kutinso msonkho wake, sukukwera.

Chomwe chimandidabwitsa n'choti makhonsolo ambiri amathamangira ku thumba asanagwiritse ntchito zida zomwe ali nazo kale m'manja. Chilolezo chomangira chili ndi tsiku lothera, ndipo khonsolo siyokakamizika kuchionjezera. Nyumba yoopsa kwa odutsa itha kulipitsidwa chindapusa cha tsiku ndi tsiku. Khonsolo ikamanga mpanda kapena kupopa madzi, itha kulembetsa ndalamazo ngati ngongole pa malowo. Mwini akaleka kulipira msonkho, malowo atha kugulitsidwa pa okushoni. Zonsezi zimachititsa kuti kudikira kukhale kowawa kwa mwini chigoba, ndipo mtengo womwe akuumirira uja umayamba kutsika wokha. Kulanda malo mwa lamulo ndiko chikwapu chomaliza, ndipo chimagwira bwino ngati choopsezera kusiyana ndi kuchimenyetsa, chifukwa mzinda uyenera kulipira chipukutamisozi ndi kukhala zaka kukhoti, kenako chigobacho chimakhala chake. Mu 2005 khoti lalikulu la America, pa mlandu wa Kelo, linalola mzinda wa New London ku Connecticut kulanda nyumba za anthu kuti pamangidwe chitukuko. Mzinda unapambana mlandu, nyumba zinagwetsedwa, koma womanga analephera kupeza ndalama, kampani ya Pfizer yomwe ankaidalira inalengeza mu 2009 kuti ikuchoka, ndipo malowo anakhala thengo kwa zaka zambiri.

Mukapita kumsonkhano, mayi, anthu wamba amapatsidwa mphindi zochepa zolankhula, ndiye musazithere pa kudandaula za manyazi a chinyumbacho, aliyense akuchiona. Funsani kuti kampani yatsopanoyi ikugula chigobacho pa mtengo wanji, kwa ndani, ndiponso ngati mwini wakale akadali ndi gawo mu kampani yatsopanoyo. Funso limeneli lokha limaulula zambiri, chifukwa si zachilendo kuti anthu omwewo abwerere atavala dzina lina. Funsani ngati ngongole yomangira yasainidwa kale ndi banki kapena akadali kuisaka. Kampani ina imafuna kalata ya khonsolo kuti ikaigwiritse ntchito pogulitsa malowo kwa wina pa mtengo wokwera, osamanga kanthu, choncho mgwirizano uzinena kuti thandizolo silisamutsidwira kwa wogula wina popanda khonsolo kuvomereza.

Kenako funsani za masiku. Mgwirizano wabwino umatchula tsiku loyambira ntchito, tsiku lomalizira, ndi zomwe zichitike masikuwo akadutsa. Thandizo liziyamba nyumba italandira chikalata cholola anthu kulowamo. Pakhale chitsimikizo cha kampani ya inshuwalansi kapena cha kampani yaikulu yomwe ili kumbuyo, choti ntchito ikaimanso iwo ndiwo amalize kapena agwetse, chifukwa kampani yomwe imasaina mgwirizano nthawi zambiri imakhala yongotsegulidwira nyumba imodziyo, ilibe katundu wina woti mungagwire. Pakhalenso ndime yoti zinthu zikayenda bwino kuposa momwe ananenera, kaya nyumbayo yagulitsidwa pa phindu lalikulu monga zinachitikira ku Chicago kuja, mzinda ubwezeredwe gawo. Makampani amadana nayo ndime imeneyi, koma kampani yomwe ikunena zoona kuti phindu lake n'lochepa ilibe chifukwa choiopera. Ndipo ngati khonsolo ikufuna kanthu kenikeni, monga mafulati angapo a lendi yoti anthu ogwira ntchito ngati inu angaikwanitse, kapena sitolo ya zakudya pansi, zilembedwe ndi manambala ake ndi zaka zake, osati kungolonjezana pakamwa patsiku lodula riboni.

Zaka za kuchotsera msonkho nazonso n'zokambirana. Kampani ikapempha zaka makumi awiri sindiye kuti ikufunikadi makumi awiri. Kwa wobwereketsa ndalama, dola yomwe idzabwere m'chaka cha khumi ndi chisanu ili ndi mphamvu yochepa kwambiri lero, ndiye zaka zakumapetozo zimathandiza kampani pang'ono pomwe mzinda zimaudyera zambiri. Kuchotsera kwakukulu zaka zoyambirira, kenako n'kumachepetsa chaka ndi chaka mpaka kutha, kumatseka kuperewera komweko pa mtengo wotsikirapo kwa mzinda.

Mutha kudziwanso nokha kuti mzinda wanu ndi wowolowa manja bwanji. Kuchokera pa lamulo la kalembedwe ka ndalama za boma lotchedwa GASB 77, lomwe linatuluka mu 2015, mizinda imayenera kulemba mu lipoti lake la pachaka la zachuma kuchuluka kwa msonkho womwe yataya chifukwa cha migwirizano yochotsera makampani msonkho. Lipotilo limapezeka pa intaneti, ndipo ndime yake imakhala chakumapeto, m'mawu ofotokozera maakaunti. Mukapeza kuti pafupifupi nyumba iliyonse yatsopano pakati pa tauni inalandira kanthu, dziwani kuti ogulitsa malo anazolowera kale kuika thandizolo pa mtengo wawo, ndipo khonsolo yanu idzavutika kukana ngakhale itafuna.

Masamu a kampaniyo, oonetsa ndalama zomangira, lendi yomwe ikuyembekezera ndi phindu lake, asaunikidwe ndi ogwira ntchito a khonsolo okha, makamaka ngati ofesi yomweyo ndiyo yakhala ikuinyengerera kampaniyo kuti ibwere. Mizinda yambiri imalemba katswiri wa zachuma woima payekha, ndipo ndalama zomulipira zimachokera kwa wopempha thandizo. Pemphani kuti lipoti lake liikidwe poyera masiku angapo makhansala asanavote. Kampani ikanena kuti manambala ake ndi achinsinsi cha bizinesi, itha kubisa mayina a alendi omwe ikukambirana nawo, koma mtengo wogulira chigoba ndi phindu lomwe ikuyembekezera ziyenera kuonekera mu lipotilo.